Mangani kansalu pamene panalekeza madzi

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ngabu, ndipo ndikaweruka ndimayang'anira kalabu ya achinyamata ya m'dera lathu. Chaka chatha tinaitanidwa ku chikondwerero cha masiku atatu cha achinyamata a ku Chikwawa ndi Nsanje, chogona konko, gulu lililonse ndi msasa wake. M'kalata yotiitanayo munali mzere umodzi umene unatisowetsa tulo: gulu lililonse likonze malo oti alendo azilowa n'kuchitamo kanthu ndi manja awo, osangoonerera ayi. Kuvina timatha, sewero timatha, koma izi zinali zachilendo.

Amene anatipalamulira ndi mng'ono wanga, amene amaphunzira zomangamanga ku Blantyre. Atabwera kutchuthi anationetsa pa foni chithunzi cha domu, chinyumba chozungulira ngati mphika wovundikira, chopanda nsanamira pakati, cholukidwa ndi ndodo zokhazokha. Anati amene anachitchukitsa ndi Buckminster Fuller wa ku America, amene analembetsa kamangidweka m'chaka cha 1954, ndipo mphamvu yake yonse ili mu thirayango. Felemu ya makona anayi mukaikankha imapendekeka, koma ya makona atatu siigwedezeka pokhapokha ndodo itathyoka. Malume anga, amene aluka nkhokwe moyo wawo wonse, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anabweza foni n'kunena kuti, "Mphwanga, ichi si chulu ichi?" Kuyambira tsiku limenelo palibe anatchulanso domu. Chinali Chulu basi.

Mkangano woyamba unali wa mutu. Anyamata ena ankafuna nyama za ku Majete ndi ku Lengwe, koma tinamva kuti magulu awiri anali atasankha kale zomwezo. Wina anati popeza chinyumbacho n'chozungulira, tichikonze ngati kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi. Ine ndinaona ngati nzeru, mpaka pamene tinapita kukadziwitsa a nyakwawa za ulendo wathu. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye anthu azilowamo ndi nsapato, akujambulana?" Nkhani inathera pomwepo. Ngati mutu wanu ukukhudza zopatulika za eni dera, funsani akuluakulu musanagule ngakhale msomali umodzi. Ife tikanachita manyazi pamaso pa anthu a ku Nsanje.

Mtsikana wina wa Fomu 3, amene sakonda kuyankhula pa misonkhano, ndiye anati: bwanji mtsinje? Tonse kuno Shire amatidyetsa, Shire yemweyo amatisamutsa. Tinagwirizana kuti Chulu chikhale chigwa chathu chaching'ono, kuyambira ku Kapichira mpaka ku Marka.

Tsopano masamu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi pomwe si zovuta. Tinasankha mtundu umene amautcha 2V, wosavuta pa onse ooneka bwino. Umafuna ndodo 65 za utali wa mitundu iwiri yokha: zazitali 35 ndi zazifupi 30. Zimakumana pa mfundo 26: mfundo 6 za ndodo zisanu, 10 za ndodo zisanu ndi imodzi, ndi 10 za pansi za ndodo zinayi. Kuti mupeze utali wa ndodo, tengani theka la kukula kwa domu kuchokera mbali ina kufika ina, muchulukitse ndi 0.618 pa zazitali, ndi 0.547 pa zazifupi. Chathu chinali cha mamita 6, theka lake mamita 3, ndiye zazitali zinali mita 1.85, zazifupi mita 1.64. Msinkhu wa pakati umafanana ndi thekalo, mamita 3, ndipo pansi pamakhala malo okwana pafupifupi masikweya mita 26. Anthu makumi awiri ankakhalamo osapanikizana.

Chinsinsi chimene chinatipulumutsa n'chakuti ndodo zazifupi zonse zimathera pa mfundo za zisanu zija. Zili ngati nyenyezi zisanu ndi imodzi, ina pamwamba penipeni, zisanu m'mbali. Ndodo iliyonse imene si mwendo wa nyenyezi ndi yaitali. Tisanadule nsungwi tinamanga kachitsanzo ndi mapesi a mapira ndi ulusi, kotalika ngati dengu. Kanatitengera masana onse, tinalakwitsa kawiri, koma amene anagwira kachitsanzoko sanasokonezekenso pa chachikulu.

Nsungwi zabwino kuno kuchigwa n'zosowa, choncho tinaitanitsa kuchokera kumapiri a ku Thyolo, zinatsikira ku Thabwa pa lole ya wachibale. Cholakwa changa choyamba chinali chakuti tinazidula ndi kuzimanga zikadali zaziwisi. Dzuwa la kuno silichedwa, patangotha sabata zinafota, mfundo zonse zimene tinamanga zolimba zinayamba kugwedera, zina zinang'aluka kumapeto. Tinataya ndodo khumi ndi ziwiri. Gulani nsungwi zokhwima mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane, muziumitse pamthunzi zitagona, osati padzuwa, ndipo muonjezere khumi zapadera. Podula, malume anatiphunzitsa kuti kumapeto kwa ndodo kuzikhala pafupi ndi mfundo ya nsungwiyo, ndipo bowo liziboola kuseri kwa mfundoyo. Mukaboola pamene pali mphako yokhayokha, nsungwi imang'ambika ngati nzimbe.

Polumikizira tinadula paipi ya pulasitiki yolimba, ya mamilimita 110, kukhala timikombero tokwana 26, ndipo ndodo iliyonse tinkaimangirira ku mkombero ndi linya, n'kukulungizanso malegeni pamwamba. Apa pali msampha. Utali uja ndatchula umayezedwa kuchokera pakati pa mfundo kufika pakati pa inzake, ndiye mkombero umadya malo. Chotsani masentimita 11 pa ndodo iliyonse, yaitali ndi yaifupi yomwe: zathu zinatsala mita 1.74 ndi mita 1.53. Dulani ndodo imodzi ya mtundu uliwonse ikhale muyeso, zina zonse muziyezera pa iyo. Ife poyamba tinkayezera pa imene yangodulidwa kumene, ndipo pofika ya makumi awiri tinali titasochera ndi zala ziwiri. Zazitali tinazipaka penti yofiira kumapeto, zazifupi yabuluu. Penti imeneyo inagwira ntchito kuposa mawu anga onse.

Tinayeserera kumanga pabwalo la sukulu milungu iwiri chikondwerero chisanafike, ndipo ndikupemphani musadumphe zimenezi. Tinakhoma chikhomo pakati, n'kujambula mkombero ndi chingwe cha mamita 3, n'kuyala ndodo zofiira khumi mozungulira. Kenako mzere woyamba wa mathirayango, kenako wachiwiri, nyenyezi ya pamwamba pomaliza titakwera pa madiramu. Mfundo musamange zolimba mpaka ndodo yomaliza italowa, chifukwa chinthuchi chimafuna kudzikonza chokha. Mzere woyamba umaoneka ngati ukugwa, ndipo anthu odutsa amaseka. Asiyeni aseke. Ndodo yomaliza itangolowa, chonse chinauma gwa, mnyamata wina n'kulendewera pamwamba osagwedezeka. Ndinamutsitsa msanga, nsungwi si chitsulo. Tsiku loyesererali tinatha maola asanu ndi awiri, koma ku chikondwerero anthu asanu ndi atatu tinamanga m'maola atatu.

Cholakwa chachiwiri ndi chimene ndimachita nacho manyazi, chifukwa ndinabadwira kuno. Pa zithunzi za mng'ono wanga madomu onse anali okutidwa pena paliponse, ndiye nafenso tinagula pepala lakuda lofolerera nyumba n'kukuta Chulu chonse. Unali Okutobala, mwezi umene kuno kutentha kumadutsa madigiri 40. Tinalowamo nthawi ya 11 koloko m'mawa. Sitinathe mphindi zitatu. Mtsikana mmodzi anatuluka akuchita chizungulire, tinachita kumuthira madzi. Malume anali chikhalire pansi pa mtengo wa nimu, akutiyang'ana. "Mwamanga uvuni wa njerwa," anatero. Zithunzi zija zinali za kumayiko ozizira, kumene anthu amafuna kusunga kutentha. Ife tinkafunika mthunzi ndi mphepo.

Tinachotsa pepala lonse. Pamwamba tinafolera ndi mphasa za bango ndi mikeka ya mlaza yobwereka m'makomo, iliyonse titaisoka kansalu ka dzina la mwini wake. Nyenyezi ya pamwamba penipeni tinangoikuta ndi neti yobiriwira ya ku nazale kuti mpweya wotentha uzitulukira pamenepo. Mzere wa pansi tinatseka mbali ya kumadzulo yokha, kumene dzuwa la masana limalasa, kwina konse tinasiya pululu. Kusiyana kwake kunali ngati kuchoka pamsewu wa tala kulowa pansi pa mtondo. Wina anati tigwiritse ntchito maneti a udzudzu poti ndi opepuka. Ndinakana. Ndimaphunzitsa ana kuti neti ndi yogonamo, osati yophera usipa kapena kutchingira dimba, ndiye sindikanaipachika pagulu ngati chokongoletsa.

Za mphepo. Domu ya nsungwi ndi yopepuka, ndipo mukaiveka mphasa imasanduka khaiti. Malo a chikondwererowo anali a dothi la makande, lija lakuda limene chilimwe limauma ngati mwala n'kung'aluka ming'alu yolowa mkono. Zikhomo zamitengo zinkathyoka, zina zinkangomira mumng'alu osagwira kanthu. Tinathamangira kwa wowotcherera zitsulo pa Nchalo, anatidulira zitsulo za konkire khumi, chilichonse masentimita 60, zopinda kumutu ngati ndodo ya agogo. Madzulo tinathira madzi pamalo pokhoma, m'mawa zinalowa bwino. Pa mfundo iliyonse ya pansi tinaikaponso thumba la mchenga. Tsiku lachiwiri masana kamvulumvulu anadutsa pakati pa misasa, anazula matenti awiri a anzathu n'kumwaza mapoto. Chulu chinangolira mphasa, chinataya mkeka umodzi, koma sichinasunthe.

Khomo ndi vuto la mtundu wa 2V. Mzere woyamba umalekeza pa mita imodzi ndi theka, ndipo thirayango imapanikiza kumutu. Tinachotsa ndodo imodzi pakati pa mathirayango awiri n'kuikapo felemu ya mitengo ya bulugamu yomangirira ku mfundo za m'mbali, ndodo ya pansi tinaikwirira ndi mchenga kuti anthu asapunthwe. Anthu aatali ankaweramabe. Ndikadzamanganso ndidzakweza chonse pa nsanamira khumi zofika m'mawondo, khomo lidzatalika, mphepo idzadutsanso pansi. Mnyamata wina wa pa njinga ya olumala anachita kunyamulidwa chifukwa cha mchenga uja, ndipo zimenezo zinandikhudza. Thabwa limodzi likanathetsa vutolo.

Zokongoletsa ndi kumene tinataya nthawi yambiri pa zinthu zopanda pake. Milungu iwiri tinkadula nsomba za mapepala, milamba ndi makakana, akakowa ndi nkhwazi, mpaka zala kutuluka matuza. Tinazipachika ndi ulusi kudenga. Zinali zokongola, koma palibe amene anabwereranso chifukwa cha izo, ndipo tsiku lachitatu zinali zitapindika ndi dzuwa. Zimene zinagwira mtima wa anthu zinali zinayi, zonse zotchipa.

Pansi tinayala mchenga n'kujambula mapu a chigwa. Shire anali zitenje zabuluu zopota, kuchokera kumpoto kwa domu kukatulukira kum'mwera. Mwanza ndi Ruo zinali zingwe zothira m'menemo. Pamene pali dambo la Elephant Marsh tinazika bango m'mabotolo okwirira, ndi kachikwangwani konena kuti dzinali linachokera kwa David Livingstone amene anaona njovu mazanamazana pamenepo mu 1859, ndi kuti mu 2017 dambolo linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Ana ambiri a ku Nchalo sankadziwa kuti dambo limene abambo awo amakaphako nsomba limadziwika kunja. Mlendo aliyense ankalandira kamwala kuti akaike pamene pali mudzi wa kwawo.

Chachiwiri linali bwato lakale lobowoka limene msodzi wina anatibwereka, muli nkhafi ndi mono. Chachitatu unali ulimba, ndi timitengo take tili pomwepo kuti aliyense ayese. Chachinayi unali mtengo wabulugamu wa mamita 3 woimika pakati, wolembedwa mizere pa theka la mita lililonse, ndi madengu anayi a tizidutswa ta nsalu totola kwa atelala. Toyera tinali ta madzi a Januwale 2015, tachikasu ta Malichi 2019, tobiriwira ta namondwe Ana wa Januwale 2022, tofiira ta Freddy wa Malichi 2023. Pa kachikwangwani tinalemba m'Chichewa ndi m'Chisena kuti: mangani kansalu pamene panalekeza madzi kwanu.

M'mawa wa tsiku loyamba zinatikanika. Anthu ankafika pakhomo, kusuzumira, kunena kuti "koma ndiye mwakonza", kujambula, n'kumapita. Maola atatu, miyala pa mapu inali isanu ndi umodzi, yonse yathu. Ndinakhala pambali n'kumaonerera, ndipo ndinazindikira kuti tinakonza bwino mopitirira. Mchenga unali wosesedwa, zonse zili m'malo mwake, achinyamata athu ataima m'mbali ndi malaya ofanana ngati asilikali. Munthu wa kwathu kuno salowa m'nyumba ya eni yosesedwa chonchi popanda womuuza kuti lowani, ndipo sagwira chinthu cha eni chifukwa choti chikwangwani chatero. Chikwangwani sichilonjera munthu.

Tinasintha zinthu zitatu nthawi ya nkhomaliro. Achinyamata onse anatuluka, n'kutsala awiri okha. Mmodzi anakhala panja ndi lichero la miyala, ntchito yake kulonjera ndi kufunsa funso limodzi: "Kwanu n'kuti, achimwene? Kwanu n'kuti, mayi?" Munthu akayankha, ankamuika kamwala m'manja n'kumuuza kuti, "Katisonyezeni." Munthu sangabweze kamwala kali kale m'manja. Kenako tinaitana ana amene ankazungulira msasa kuti akwere m'bwato ndi kupondaponda mchenga. Pomaliza tinakapempha agogo ena aakazi amene anabwera ndi gulu la ku Bangula kuti adzalukire mkeka wawo mkati mwathu, pamthunzi. Anavomera chifukwa cha mthunziwo, osati chifukwa cha ife. Pasanathe ola munali phokoso. Anthu ankatsutsana za pamene pali Makhanga, bambo wina anagwada n'kusuntha chingwe cha Ruo, akuti kuyambira 2015 mtsinjewo sudutsanso pamene tinauika. Anali kunena zoona, ndipo chingwecho tinachisiya pamene anachiika.

Ulimba unapeza mwini wake madzulo. Mkulu wina wa ku Nsanje anamva ana akuugogoda mwachisawawa, anapirira pang'ono, kenako analephera kupirira. Analanda timitengo, n'kuyamba. Amayi amene anali pamzere wa madzi anasiya zidebe. Sitinamukonzere pa pulogalamu, ndipo tikanamukonzera mwina akanakana. Atamaliza anangoti "takhuta", n'kubweza timitengo kwa mwana yemwe anamulanda uja, n'kumugwira dzanja kumusonyeza poyambira.

Koma nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi ndi ya mtengo wa pakati uja. Ife tinauona ngati masewera a masamu: tiona chaka chimene madzi anakwera kwambiri, tiwerenga tinsalu, ana aphunzirapo kuyeza. Poyamba zinalidi choncho. Achinyamata ankaseka, wina akumanga m'mawondo, mnzake akumuuza kuti ukunama, kwanu ndi kumtunda. Tinsalu tobiriwira ndi tofiira tinachuluka m'chiuno ndi pachifuwa. Anthu ankakumbutsana mmene Ana anaonongera malo opangira magetsi ku Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, ndi mmene msewu wa M1 unadukira. Bambo wina wa ku East Bank anatenga kansalu koyera, anayang'ana mtengowo kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, mtengo wanuwu ndi waufupi." Mu 2015 anagona mumtengo masiku awiri. Tinamubweretsera diramu, anakwera, n'kumanga kansalu kake pa nsungwi ya denga.

Tsiku lachiwiri chakumadzulo kunabwera mayi wina, wamsinkhu ngati wanga. Anatenga kansalu kofiira n'kumanga pamwamba pa mutu wake. Kenako anatenganso kena kofiira, anagwada, n'kukamanga m'munsi, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Mnyamata wathu, mwaulemu ndithu, anati, "Mayi, n'kamodzi pa chaka chilichonse." Mayiyo anayankha osatembenuka: "Aka si ka madzi. Ndi msinkhu wa mwana wanga." Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

Sitinakonzekere zimenezo, ngakhale pang'ono. Mnyamata uja anazizidwa, ine ndinasowa pogwira, ana a m'bwato anangoti zii. Amene anatipulumutsa ndi agogo a mkeka aja. Anaika mlaza pansi, anakhala pambali pa mayiyo osanena kanthu, patapita nthawi anamudzutsa n'kutuluka naye kuseri. Usiku umenewo sindinagone. Ndinadzifunsa ngati tinali ndi ufulu wotsegula mabala a anthu pakati pa chikondwerero, pafupi ndi zokuzira mawu ndi ogulitsa mandasi. Freddy anapha anthu mazanamazana m'dziko muno, ena mpaka lero sanapezeke, ndipo ine ndinasandutsa zimenezo kukhala dengu la nsalu zofiira. Ena m'gulu lathu anati tiuchotse mtengowo. Tinakafunsa agogo aja m'mawa. Anati, "Musachotse, mwanangu. Anthu alibe pena pokamanga. Koma musamusiye munthu yekha pamenepo, ndipo musamufunse mafunso."

Tinatsatira. Kuseri kwa Chulu tinayala mphasa pansi pa mtengo, ndi ndowa ya madzi akumwa, kutali ndi maso a anthu. Pafupi ndi mtengo wa tinsalu pankakhala munthu wamkulu nthawi zonse, osati wachinyamata: agogowo, mayi wina wa bungwe la amayi a mpingo, kapena ine. Tinaletsa kujambula munthu akumanga kansalu. Tinachotsa lamulo la kamodzi pa chaka, tinasiyanso kuwerenga. Wolonjera pakhomo ankauza anthu asanalowe kuti mkatimo muli za madzi osefukira, kuti amene sakufuna angoona mapu ndi bwato. Pofika madzulo a tsiku lomaliza tinsalu ta m'munsi tija tinalipo tingapo, ndipo palibe anafunsa kuti n'ta chiyani. Ngati mutu wanu ukukhudza njala, matenda, ngozi kapena maliro, ganizirani pasadakhale za munthu amene zinamuonekeradi. Adzabwera ndithu, ndipo mwana wa Fomu 3 asakhale yekha pomulandira.

Za usiku ndinene mwachidule. Tinali ndi batire ya sola ya 12V ndi zingwe ziwiri za magetsi a LED, chilichonse mamita 5. Zikanayaka usiku wonse popanda vuto, koma tsiku loyamba tinalola anthu kutchaja mafoni masana, ndiye pofika 8 koloko tinali mumdima. Batire ya magetsi ikhale ya magetsi okha, muibise. Kuwala koyera kunaitana tizilombo tonse ta m'chigwa, mpaka anthu kumalavula. Titakulunga zingwezo ndi nsalu yopyapyala yachikasu n'kuzilozetsa kudenga zinachepa, ndipo mphasa zinkawala ngati moto wa patali. Kandulo, koloboyi ndi fodya tinaletseratu: bango louma ndi mlaza sizipereka mpata wothawa. Ndowa ya mchenga ndi ya madzi zinkakhala pakhomo. Pankagona anthu awiri mkatimo usiku uliwonse, m'maneti awo, osati chifukwa cha akuba okha komanso mbuzi, zimene usiku woyamba zinadya theka la Elephant Marsh.

Ndalama zambiri zinapita ku mayendedwe a nsungwi, paipi, zitsulo ndi pepala lakuda lija limene sitinaligwiritse ntchito. Mphasa, bwato, ulimba, batire ndi madiramu zonse zinali zobwereka, ndipo kope lolembamo mwini wa chilichonse linatiteteza ku milandu pobweza. Gawanani maola olondera, munthu asapitirire awiri pa kutentha kuja, ndipo wina akhale woona za madzi akumwa basi. Ife tinkasungunula malambe mu ndowa, ndi amene anatisunga.

Kugwetsa kunatenga ola limodzi. Tinayambira pamwamba, ndodo zofiira mtolo wake, zabuluu mtolo wake, timikombero m'thumba. Miyala ya pa mapu ana anaitola n'kuibweza m'lichero, zitenje za Shire eni ake anazikutumula n'kuzivala. Mtengo wa pakati unatsala wokha pabwalo, uli ndi tinsalu take. Mnyamata uja amene anayankhula ndi mayi wa tinsalu tiwiri anayamba kumasula ka pamwamba, kenako anasiya, n'kundiyang'ana. Tinaunyamula chomwecho, anthu atatu, n'kuugoneka pamwamba pa katundu yense mu lole, ndipo kansalu koyera ka bambo wa ku East Bank tinakamasula ku nsungwi ya denga n'kukamanga kunsonga kwake. Uli pakhonde la a nyakwawa, pansi pa denga, pamene mvula siifika. Mwezi watha ndinapitako kukapereka uthenga wa sukulu, ndinapeza pali kansalu kena ka mtundu umene sunali m'madengu athu.